Zithunzi za gwape ndi malo a lendi osakirako ku Texas

Pa funso lakuti alenje ena anadziwa bwanji malo amene munachita lendi kuti muzisakako, mpaka kukulandani powonjezera ndalama kwa mwini malo, gwero likhoza kukhala chithunzi. Ku Texas, ku America, malo opitirira 90 peresenti ndi a anthu eni, choncho gwape wamphongo wa nyanga zikuluzikulu akangoonekera, alenje amathamangirako.

Facebook imachotsa GPS (manambala osonyeza malo amene munajambulira) pa chithunzi chimene ena atsitsa, koma mukachitumiza pa imelo kapena ngati fayilo pa WhatsApp, GPS imatsalamo. Zimitsani location pa kamera musanajambule. Dulaninso m'mbali mwa chithunzi: geti, thanki yamadzi, ngakhale mapolo amagetsi, anthu amazifananiza pa Google Earth, pulogalamu yoonetsa malo kuchokera m'mwamba.

Lendi ikhale yolemba, ya zaka zitatu kapena kuposa, yonena kuti mwini malo ayambe wakufunsani asanapatse wina.