Zimene ndapeza pa funso la ntchito yophunzitsa masewera olimbitsa thupi

Masiku apitawo ndinafunsa ngati munthu wofuna kukhala mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi angadalire luso lake la pabwalo lokha. Nditafufuza, ndapeza kuti luso lokhalo silikwanira.

Maziko a ntchitoyi ndi kudziwa mmene mafupa, minofu, mtima ndi mapapo zimagwirira ntchito. Mfundo imene ndikuiona kuti ndi yofunika koposa ndi yakuti thupi limalimba pamene ntchito yake ikuwonjezeredwa pang'onopang'ono, ndipo minofu imadzikonza pa nthawi yopuma, kotero mphunzitsi amene amathamangitsa ophunzira tsiku ndi tsiku popanda mpumulo akhoza kuwavulaza. Munthu akasiya masewerawo, mphamvu zimene anapeza zimayamba kuchepa.

Mlingo wake uliponso. Mu 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti akuluakulu azichita masewera osatopetsa kwambiri kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, pamene ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika mphindi 60 patsiku.

Ofuna kuthandiza anthu ovulala kuti ziwalo zawo ziyambenso kugwira ntchito ayenera kudziwa kuti imeneyo ndi ntchito ya zachipatala, yofuna maphunziro akeake.