Buku landivundukula, ndiyambire pati?

A Admin, ndibiseni dzina chonde.

Ndine mayi wa zaka 34, pabanja ndatha zaka 7. Sabata yathayi ndamaliza kuwerenga buku la nkhani yopeka. Mzimayi wa m'bukumo anakula ndi makolo omugulira chilichonse, fizi osachedwetsa, koma osamufunsako n'komwe kuti "watani mwanangu?" Atakwatiwa ndi mwamuna wabwinobwino, mumtima mwake munangokhala gwaa, ngati m'nyumba yosamukamo anthu. Nditafika pa tsamba limene mwamunayo akumugwira dzanja iye n'kuuma thupi, ndinatseka bukulo n'kukadzitsekera kubafa. Ameneyo ndine ndendende.

Bambo anga sanandimenyepo. Ankangofika, wailesi pakhutu, mpaka kukagona. Mayi ukalira ankangoti "pukuta misozi, zatha." Lero amuna anga akandifunsa chavuta, ndimati palibe, ndipo sikuti ndikunama, sindimvadi kalikonse. Ayamba kuganiza kuti ndili ndi wina.

Ndiwapatse bukuli awerenge, kapena ndiyambe ndakamba ndi makolo? Akadali moyo, koma akalamba.

Mayankho

Achemwali, si inu nokha. Mu 1975 katswiri wa za maganizo Edward Tronick anaonetsa kafukufuku wina: mayi akusewera ndi khanda, kenako n'kuumitsa nkhope kwa mphindi zochepa, osamwetulira, osayankha. Khandalo limayesa kumwetulira, kutambasula manja, kenako kulira, mapeto ake n'kutembenukira kumbali. Inu munatembenukira kumbali muli wamng'ono, ndipo simunacheukebe. Chosangalatsa n'choti mayi uja akayambanso kumwetulira, khanda limabwerera pang'onopang'ono. Pezani mlangizi wa za maganizo, musalimbane nazo nokha.

Makolo asiyeni kaye. Ine ndinapita kwa mayi anga ndi nkhani yomweyi, anangondiyang'ana n'kuti "unagonapo ndi njala iwe?" Ndinabwerako chilonda chitakula kuposa kale.

Ndiyankheko ngati mwamuna. Musangowasiyira buku patebulo, ena a ife tingaganize kuti mukutinena. Awerengereni tsamba limenelo ndi pakamwa panu, muwauze kuti "ameneyu ndine, vuto si inu."

Mwini funso: Zikomo nonse. Tsambalo ndalipinda kale, ndikungodikira ana agone. Koma ndikayamba kuwerenga mawu n'kukana kutuluka, ndidzatani?