Tapeza chidole chakale cha ku Japan mu thilanki ya agogo, kodi za mitengo ya pa okushoni zija n'zoona?

WakuSengaBay

Abale ndithandizeni nzeru. Sabata yatha timakonza nyumba ya malemu agogo kuno ku Senga Bay poti denga layamba kudontha, nde tinatulutsa thilanki yawo yachitsulo ija anabwera nayo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela, mkati muli jekete, mapepala akale, lamba, kenako pansi penipeni tapeza chidole cha malata chokulunga mu thawulo. Ndi kamunthu ka roboti, kutalika ngati botolo la Sobo laling'ono, kunsi kwa mapazi kuli timatayala, kumsana kuli kachitseko koikamo mabatire awiri akuluakulu a tochi aja, ndipo palembedwa Made in Japan. Amayi akuti agogo anagulira amalume ali mwana koma samawalola kuseweretsa, chimatuluka pa Khirisimasi pokha, anthu aone, basi n'kubwezera.

Nde mphwanga wina yemwe ali ku koleji atachiona wangoti ichi musapatse ana, azungu ndi ma Japan akulimbirana zimenezi pa okushoni ndipo mitengo ikungokwera chaka ndi chaka. Ine ndinaseka kaye koma usiku tulo sindinaone kkkk. Zoona zimenezi? Ngati n'zoona munthu wa ku Salima angagulitse bwanji? Komanso mapazi achita kadzimbiri, mukudziwa chinyontho cha kunyanja kuno, nde ndimaganiza ndikwechepo ndi sandipepa ndipake kapenti kuti chioneke bho.

Ankolo_a_Kaunjika

Kkkkk aise mphwanuyo TikTok yamulowa m'mutu. Ine kaunjika ndagulitsa pa Kamuzu Road zaka zambirimbiri, mabelo a zidole ndatsegula osawerengeka, zambiri ndi mapulasitiki a ku China, china chilibe mutu china chilibe mwendo, timangounjika pansi mtengo wa chipisi. Mzungu wofunsa chidole sindinamuonepo, amene amabwera kwanu ku Senga Bay amafuna ziboliboli ndi mipando yosema ija basi. Koma poti chanucho ndi cha malata komanso chatuluka mu thilanki ya mdala mwina nkhani ndi ina. Olo zili choncho ntchito musasiye kaye.

ExJapan_Salima

Achimwene sandipepayo kabwezeni komwe mwamutenga, pentiyo musayerekeze n'komwe. Anthu osunga zinthu zakalewa amafuna penti wa kufakitale olo akhale wokalikakalika, mukangopaka wanu ndiye kuti mwachipha nokha, chasanduka chitini wamba. Pukutani fumbi ndi kansalu kouma basi, madzi ayi.

Za mitengozo mphwanu sakunama. Ine ndimaitanitsa magalimoto ku Japan nde masamba a okushoni ndimakhalapo tsiku ndi tsiku, nthawi zina ndikamadikira sitima ifike ku Dar ndimasochera n'kukapezeka mbali ya zidole, nde ndinayamba kuwerenga. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945 Japan inali phulusa lokhalokha, mmisiri wina dzina lake Matsuzo Kosuge anayamba kutolera zitini zomwe asilikali a America amataya n'kumapanga timajipi tating'ono, ngati mmene mafana athu amapangira magalimoto a mawaya, kusiyana kwake iwo anazitengera patali. Pofika m'ma 1950 ndi 1960 timafakitale ta ku Tokyo tinali tikutumiza zidole za malata kunja mwa nkhaninkhani makamaka ku America, magalimoto, ndege, maroboti. Mukaona palembedwa Made in Occupied Japan dziwani kuti ndi cha pakati pa 1947 ndi 1952, chanucho poti ndi cha mabatire ndiye chapambuyo pake. Ndipo agogo anu ngati anapita ndi Wenela mwina anabwera 1974 isanafike, chaka chomwe ndege inagwa ku Francistown a Kamuzu n'kuletsa zotumiza anthu kumigodi, nde zaka zikugwirizana.

Tsopano yang'anani pafupi ndi pomwe palembedwa Made in Japan, pamakhala kachizindikiro kakang'ono kwambiri ka kampani yomwe inapanga chidolecho. TM m'kadayamondi ndi Masudaya, ena amati Modern Toys. TN ndi Nomura. SH ndi Horikawa. Y m'kaduwa ndi Yonezawa. Apa ndi pomwe pagona ndalama kapena pomwe maloto athere. Masudaya anapanga maroboti asanu akuluakulu ooneka ngati avala siketi omwe osonkhanitsa amawatchula Gang of Five, woyamba anali Radicon wa mu 1957 woyendetsa ndi rimoti, koma wosowa kwambiri ndi wofiira uja Machine Man. Ameneyu m'ma 1990 anagulidwapo madola opitirira 40,000 ku nyumba ya okushoni ya Sotheby's anthu n'kumati dziko latha, koma mu 2020 wina wokhala ndi katoni yake anadutsa madola 150,000 ku Morphy Auctions ku Pennsylvania. Muwerengere nokha mu kwacha yathu ino, ine calculator ya pafoni imatha malo.

Chikukweza mitengo n'chani? Ana omwe ankaseweretsa zimenezi pano ndi madala a ndalama zawo, akufuna kugulanso ubwana wawo. Chinanso zidolezi sizinapangidwe kuti zikhalitse, malata ake ndi opyapyala, ana amaponda, mabatire amavunda mkati asidi n'kudya chilichonse, katoni imatayidwa tsiku lomwelo, nde zotsala zabwinobwino ndi zochepa ndipo sizikuwonjezereka. Kenako intaneti, kale umayenera kukwera ndege kupita ku Nakano Broadway ku Tokyo komwe kuli mashopu a Mandarake ogulitsa zidole zakale, pano munthu ali ku Hong Kong kapena ku Paris akupikisana pa Yahoo Auctions kudzera kwa ma ejenti ngati Buyee. Komanso yen, ndalama ya ku Japan, inafooka kwambiri, mu 2024 inafika cha m'ma 160 pa dola imodzi, nde kwa wa madola zinthu za ku Japan zinali ngati zatsitsidwa, anagula mosaona nkhope mpaka ma Japan eni ake kumadandaula kuti zabwino zonse zikutuluka m'dziko. Ife a magalimoto tinayenera kusangalala nawo koma kwacha nayo inali itagwa kale ndi 44 peresenti mu November 2023, mxii, tisayambe imeneyo.

Ndipo si za malata zokha. Kuli zidole za labala yofewa amati sofubi, zilombo za Godzilla ndi Ultraman zomwe kampani ya Marusan inayamba kupanga mu 1966, itagwa mu 1968 anthu ake ena anatsegula Bullmark. Zimenezi ukaziona ungati n'za pa kaunjika pa ankolo pamwambapa, mitundu yake yosokonekera, koma ndi zomwe anyamata akuphana nazo panopa. Kulinso maroboti achitsulo cholemera a Popy otchedwa Chogokin kuyambira 1974.

Koma ndisakunamizeni, nkhani zomwe zimatchuka ndi za zidole zochepa kwambiri. Zambiri zinapangidwa zochuluka ndipo mtengo wake ndi wamba, zina kugula matayala anayi a Sienta sizingakwane.

Nachisale_wa_Lifuwu

Inu mwathamangira kugulitsa, amalume anu eni chidolewo mwawafunsa? Kapena anatisiya? Chifukwa zinthu za malemu zimavuta, lero mukuti ndi chitini chadzimbiri palibe akuchifuna, mawa amve kuti mwalandira madola muona abale otuluka ku Chipoka, ku Khombedza, ena simunawaonepo ndi pamaliro pomwe, aliyense akuti ndine mdzukulu. Kwathu tinakangana chifukwa cha njinga ya Humber yopanda tcheni, nanji zimenezi. Khalani pansi kaye ndi amayi anu ndi eni mbumba. Ineyo ndikanasunga, bambo anavutika pansi pa nthaka kumigodi n'kukumbukira kugulira mwana chidole, n'kuchisunga zaka zonsezi osachigulitsa ngakhale nthawi ya njala.

ExJapan_Salima

Mayi Nachisale anena zoona, za kubanja konzani kaye. Ndiwonjezere za kagulitsidwe poti ndinaiwala. Jambulani zithunzi masana panja pamthunzi, kutsogolo, kumbuyo, kunsi, kachizindikiro kaja pafupi, ndi mkati moika mabatire chifukwa ogula amayamba kuona mmenemo. Nyumba za okushoni zambiri zimalola kutumiza zithunzi pa imelo n'kukuuzani ngati n'chowayenera, ulere. Ngati sanayankhe ndiye yankho lake ndi lomwelo. Pa eBay, msika wa pa intaneti uja, musaone mitengo yomwe anthu akuitanira, aliyense atha kulemba miliyoni, sankhani pomwe pamaonetsa zomwe zinagulidwadi. Muchotserenso komishoni ya okushoni, ndalama yotumizira katundu kuchoka ku Lilongwe yomwe si yamasewera, komanso kulandira ndalama kudzera ku banki pa reti yaboma. Ndipo mukaika pa Facebook mubwera anthu ku inbox oti ndili ku UK ndigula madola 20,000 koma tumizani kaye ya clearance pa Airtel Money, amenewo ndi akuba, wogula salipiritsa wogulitsa.

Chinanso mabatire musangoika n'kuyatsa mwamphamvu. Mafuta a m'magiya anauma kalekale, chikakakamira zimitsani pompo mota ingapse. Ndipo chichotseni kunyanjako ngati mungathe, olo muchiike mu chigubu chotseka bwino pamalo ouma.

Ankolo_a_Kaunjika

Eeh nde zilombo za labala mukunenazo ndikuona ngati ndinagulitsapo chimodzi chaka chatha, chobiriwira cha minga kumsana, mayi wina anagulira mwana wake wolira. Kuyambira mawa belo iliyonse ndiziyang'ana kunsi kwa phazi kkkk.

WakuSengaBay

Zikomo nonse, sandipepa ndabweza. Ndayang'ana ndi tochi ya foni, kachizindikiro ndi SH m'kadayamondi, nde ndi Horikawa mwanenayo. Ndafufuza zogulidwa kale monga munandiuzira achimwene, ofanana naye alipo ambiri ndithu ndipo opanda katoni mtengo wake ndi woti denga lokha la nyumbayi sungamalize, nde za Machine Man tiiwale. Mkati moika mabatire muli mbee, agogo amachotsa mabatire akamasunga, mdala anali wosamala uja.

Amalume alipo, ali ku Nkhotakota, ndinawaimbira dzulo. Poyamba samakumbuka, kenako ndinangomva akuseka pafoni akuti kodi chija chimatsegula pachifuwa n'kutulutsa timfuti towala chilipobe? Akuti anakwapulidwapo chifukwa chochitulutsa mozemba kukaonetsa anzawo kudambwe. Za okushoni sanafune n'kumva komwe, angoti Loweruka akwera minibasi ndipo ndiwagulire mabatire awiri, akufuna achiyatse okha popanda wowaletsa. Ndawauza za magiya ouma zija, akuti ndisawaphunzitse chidole chawo.