Eni nyumba akulowa kudzathyola mango osauza atenanti, titani?

Ajenti, Area 47: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira nyumba ina ya mpanda, kuseri kuli mitengo iwiri ya mango ndi umodzi wa mapeyala. Eni ake anatsala ndi kiyi wa geti. Loweruka analowa ndi anyamata ndi matumba osagogoda, n'kuyamba kugwedeza mitengo. Mayi a panyumbapo anali akuchapa kuseriko, atangomanga chitenje pachifuwa. Lero amuna awo andiimbira mwaukali, akuti ndisinthe loko, apo ayi mwezi ukatha asamuka. Eni nyumba nawo akuti anachititsa lendi nyumba, osati mitengo yomwe anabzala okha. Pangano lathu silinatchule za pabwalo.

Mayi ajenti, Namiwawa: Achimwene, funso ndi limodzi: munawapatsa nyumba yokha kapena puloti yonse? Ngati panganolo latchula nambala ya puloti ndipo palibe mbali yomwe inachotsedwamo, chilichonse cham'kati mwa mpanda chili m'manja mwa atenanti mpaka lendi itatha. Khonde, chingwe choyanikira zovala, bafa yapanja, zonsezo ndi pakhomo pa munthu. Pa malo olembetsedwa pansi pa lamulo la kalembera wa malo lotchedwa Registered Land Act, wolipira lendi ayenera kukhala mwamtendere osasokonezedwa, ndipo mwini amalowa kudzaona mmene nyumba ilili atadziwitsa kaye, pa nthawi yoyenera. Kuthyola mango si kuyendera nyumba ayi.

Woyang'anira nyumba, Zomba: Zoona, koma mkuluyo musamulankhule ngati wakuba. Anthu akale mtengo amauwerengera ngati mwana, ndipo mwina mapeyalawo amagulitsa n'kupezapo ya feteleza. Mukayamba ndi malamulo akulandani nyumbayo n'kuipereka kwa madobadoba.

Mayi ajenti, Namiwawa: Ulemu tiwapatse, koma ine chandipweteka ndi cha mayi aja. Munthu sangamakhale tcheru pakhomo pomwe akulipira. Ngakhale malamulo aakulu a dziko lino, ndime 21, amalemekeza chinsinsi cha munthu ndi pakhomo pake. Eni nyumbawo apepese kaye, za zipatso zibwere pambuyo.

Ajenti, Area 47: Nanga za loko? Ndiwalole asinthe?

Ajenti, Mzuzu: Asasinthe okha, nkhani ikula. Inuyo pitani mukatenge kiyi kwa eni nyumba, musunge ku ofesi mu envelopu yomata, yotsegula pokhapokha paipi itaphulika kapena moto utabuka. Kenako lembani tsamba lowonjezera pa pangano, onse asaine. Ife timalemba kuti mwini atumize uthenga maola 48 asanabwere, abwere masana, atenanti alipo kapena atavomera, ndipo anene anthu omwe abwera nawo. Za zipatso mulembe mtengo ndi mtengo: mango awa ndi a atenanti chifukwa ndi amene amasesa masamba ndi zowola, mapeyala mwini adzathyole tsiku limodzi logwirizana n'kuwasiyirako. Muikemonso za dimba. Mvula ikangoyamba mudzamva kuti akufuna kubzala chimanga kuseri.

Woyang'anira nyumba, Zomba: Muonjezere za boyizi kota ngati muli katundu wa eni nyumba. Ambiri amalowera pamenepo, amati ndabwera kudzatenga matayala.

Ajenti, Area 47: Mwalasa, muli malata awo akale. Ndawaimbira madalawo, avomera kukumana Lachitatu ndipo kiyi abweretsa. Kupepesako akadali kukokakoka, ndiye ndipita ndi mkazi wawo, ndi amene amawamvera. Amayi a ku Namiwawa, nditumizireniko tsamba lomwe mumagwiritsa ntchito ndifananitse ndi la ku Mzuzu.