Mseu wa Great East unayamba liti, nanga umathera kuti kwenikweni?

Mwana_wa_Kapata:
Muli bwanji akuluakulu pagulu pano. Nili ndi funso pa mseu wathu uyu wa Great East. Ife tinabadwa tinaupeza ulipo kale, timangokwera basi mbandakucha kukatsika ku Intercity ku Lusaka osaganizako kuti anaulambula ndani. Manje pashopu pathu anthu atsutsana, wina akuti ni mseu wa a Kaunda, wina akuti ayi ni wa atsamunda, wachitatu akuti suthera pa boda ya Mwami koma upitirira mpaka kunyanja yamchere ku Mozambique. Amene mudziwa bwino tiuzeniko, nifuna ana anga adziwe zoona zake chifukwa mseu uyu ndiye watilera tonse kuno kummawa.

Mdala_wa_Fort_Jimmy:
Mwana wanga wafunsa bwino, ndipo onse atatuwo aliyense wagwirako mbali yake. Choyamba udziwe kuti Chipata ni wamkulu kuposa mseu umenewu. Azungu a kampani ya British South Africa (BSA) atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898 anamanga boma lawo kuno nalitcha Fort Jameson, ndipo linali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911 pamene anaphatikiza dziko lino ndi North-Western Rhodesia, likulu nkukhala ku Livingstone. Nthawi imeneyo nkhope yathu siinali kuyang'ana ku Lusaka ayi, Lusaka anali kasiteshoni ka njanji chabe, anadzakhala likulu mu 1935. Katundu, makalata, fodya wa azungu a mafamu, zonse zimadzera ku Nyasaland ndi ku Tete chifukwa kumadzulo kunali mapiri ndi mtsinje wa Luangwa zotchinga njira. Ngakhale makolo athu opita kukasewenza ku Harare ambiri amatsika wapansi kukaoloka Zambezi, osati kuzungulira ku Lusaka.

Ndiye boma la atsamunda linaona kuti chigawo chino chili ngati cha dziko lina, nkuyamba kulambula mseu wafumbi wopita kunjanji. Mlatho woyamba pa Luangwa unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust, omwe aja anamanganso wa pa Chirundu. Unali wopapatiza. Uwu wa zingwe umene muolokapo lero ni wachiwiri, unatsegulidwa mu 1968 ufulu titaulandira kale, ndipo tala nayenso anabwera m'nthawi ya a Kaunda. Ndiye wakuti atsamunda sananame, wakuti a Kaunda sananamenso. Chimene ine chimandikhudza nchakuti mpaka lero anthu onse a Eastern Province, chimanga chonse, nshawa, thonje, soya, feteleza wobwera kuno, zonse zidalira mlatho umodzi womwewo. Nchifukwa chake asilikali amaulonda usana ndi usiku ndipo safuna kuti muzijambula zithunzi pamenepo, Mozambique ali pafupi kwambiri ndi malo amenewo ndipo zaka zija za nkhondo kwa anansi athu mlathowu unali pachiopsezo ndithu.

Dalaivala_T4:
Zikomo amdala mwatiphunzitsa. Ine niwonjezeko za njira yake poti ndiye ofesi yanga. Pamapu amautcha T4. Kuchoka Lusaka kufika Chipata ni makilomita pafupifupi 570. Mukatuluka mu Lusaka mudutsa Chongwe pamene pali tolgeti, kenako Rufunsa, ndiye apo nchito yayamba chifukwa mwalowa m'mapiri a Manenekera, makona okhaokha, kutsika kukwera, mbali ina phiri mbali ina chigwa chakuya, ndipo dalaivala amene adalira mabuleki okha osatsitsa giya pamenepo amavutika, mabuleki amapsa, mathiraki ambiri agona m'makona amenewo. Mukatsika ndiye Luangwa Bridge, pafupifupi makilomita 230 kuchoka ku Lusaka, pamene basi imaima anthu nkugula nsomba zouma, madengu, mphasa, ndipo kutentha kwake m'mwezi wa Okutobala simungakuiwale. Pomwepo pali mphambano yopita ku Luangwa boma, kumene kale amati Feira, komwe Luangwa athira mu Zambezi. Mukaoloka mlatho mwatuluka mu Lusaka Province mwalowa kwathu, mukweranso mapiri mpaka Kacholola, kenako Nyimba kwa nthochi, mphambano ya Petauke poti boma lenilenilo lili pambali pang'ono, Sinda, Katete, Mtenguleni, ndiye mwafika pa geti ya Chipata.

Kuchoka pa mlatho kufika pa Mwami, makilomita ngati 360, anaukonzanso kuyambira cha mu 2013 ndi thandizo la European Union, African Development Bank ndi mabanki ena a ku Ulaya, anaukulitsa nkuikako malo a m'mbali, ndipo apa munthu uyendetsa mtima uli pansi. Koma chigawo cha ku Rufunsa uko sichinali mu pulojekiti imeneyo ndipo ndiye chovuta kwambiri, chopapatiza, tala wodyeka m'mbali, thiraki ikafera pakona ndiye mungoona masamba a mitengo pamseu basi. Ine pempho langa lili pamenepo, akonze pakati pa Chongwe ndi Luangwa poti mpamene miyoyo itayika. Ndipo inu apanjinga ndi a ngolo za ng'ombe a ku Sinda ndi Katete chonde usiku ikani kanthu kowala kumbuyo, timakuonani mochedwa kwambiri.

NaBanda_waku_Katete:
A Dalaivala mwatchula Katete mongodutsa koma pano mpamene mseu umabala mwana. Pa Katete pali mphambano ya T6 yopita ku boda ya Chanida, kutsidya kwake amati Cassacatiza, nkumapita ku Tete mpaka ku doko la Beira. Mathiraki a mafuta ndi feteleza ambiri amakhotera pamenepa. Ndiye kwa ine nkhani ya mseu uyu si Lusaka ndi Chipata chabe ayi, ni maiko atatu. Bwerani kumapeto a Ogasiti nthawi ya Kulamba ku Mkaika mudzaone, mafumu a Achewa ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, malole odzaza anthu, ena adzera pa Mwami ena pa Chanida, onse kukumana pa tala yemweyu. Febuluwale nayenso chimodzimodzi pa Nc'wala ku Mtenguleni, mseu umadzaza mpaka motoka kuyenda ngati nkhono. Maboda anawaika azungu koma abale athu ali mbali zonse, ambuya anga anabadwira kutsidya ku Mozambique ndipo maliro akachitika timapita osaona ngati tapita kudziko lachilendo. Komanso musaiwale odwala, anthu ochokera kutali kwambiri amafika ku chipatala cha St Francis kuno ku Katete chifukwa cha mseu womwewu, ukanakhala wafumbi ngati kale nthawi yadzinja azimayi ambiri oyembekezera sakanafika.

Achimwene_aku_Mchinji:
Moni abale a ku Zambia, ndaona funsoli ndati ndiyankheko mbali ya kwathu. Uja ananena za nyanja yamchere akunena zoona. Mukachoka ku Chipata mtunda wa makilomita oposa 20 pang'ono mwafika pa Mwami, mukaoloka ndiye Mchinji, kumene kale kunkatchedwa Fort Manning. Kwathu msewuwu timautcha M12, umadutsa Kamwendo, Namitete, Msundwe mpaka Lilongwe, ndipo inu a ku Chipata muli pafupi ndi likulu lathu kuposa lanu, Lilongwe ndi makilomita osakwana 150 pamene Lusaka ndi 570. Kuchoka ku Lilongwe mutsika ndi M1 kudutsa Dedza ndi Ntcheu, nkukhotera ku Liwonde, Mangochi, kukwera phiri kukafika pa boda ya Chiponde, kutsidya ndi Mandimba, kenako Cuamba, Nampula mpaka pa doko la Nacala. Zonsezi pamodzi ndi zimene amazitcha Nacala Corridor, ndipo nchifukwa chake mabanki aja anaika ndalama pa msewu wanu, amafuna katundu wa Zambia azitulukira ku Nacala. Boda ya Mwami ndi Mchinji anaimanganso kukhala ya malo amodzi, a Hichilema ndi a Chakwera anaitsegula mu Disembala 2022, pano sumaimanso kawiri kudinditsa pasipoti uku ndi uku.

Mwana_wa_Kapata:
Zikomo kwambiri nonse, amdala makamaka, za 1932 zija nizakawawerengera anzanga pashopu. Nanga njanji ija ili ku siteshoni kuno ikugwirizana bwanji ndi zimenezi?

Mdala_wa_Fort_Jimmy:
Ni nkhani imodzi yomweyo mwana wanga. Njanji ya Chipata-Mchinji inayambika mu 1982 nkuima zaka zambiri, inadzatsegulidwa mu Ogasiti 2010 nthawi ya a Rupiah Banda ndi a Bingu wa Mutharika. Cholinga chinali chakuti katundu wolemera atsike pa tala akwere sitima kupita ku Nacala, komanso kuti njanjiyo idzapitirire kudzera ku Petauke kukalumikizana ndi njanji ya TAZARA yopita ku Tanzania pa Serenje. Mbali ya ku Serenje ija sinamangidwe, ndiye chilichonse chochokera ku Lusaka ndi ku Copperbelt chikali kubwera pa mathiraki, kudutsa Manenekera ndi mlatho uja wa 1968, ndipo kulemera kumeneko ndiko kumadya tala amene a Dalaivala akudandaula.