Mayi wa zaka 29 wathawa chemo (mankhwala a khansa) poopa kuti sadzabereka, timuthandize bwanji?

Sista wa ku chemo: Mwaswera bwanji abale. Ndili ndi vuto kuno. Mayi wa zaka 29, khansa ya m'mawere, chotupa chili bere lakumanzere ndipo mwanabele wa kunkhwapa watupa kale. Anamulembera AC (mankhwala awiri a chemo, doxorubicin ndi cyclophosphamide) kanayi, kenako ena otchedwa paclitaxel, opaleshoni pambuyo pake. Amayenera kuyamba Lolemba koma sanabwere. Lero ndamuyimbira, akuti apongozi ake amuuza kuti mankhwala ofiira aja amaumitsa chiberekero. Pabanja ali zaka ziwiri, mwana alibe, mimba imodzi inapita padera. Ndinatsala pang'ono kunena kuti musadandaule mudzabereka, koma pakamwa panakana. Ndimuuze chiyani choona?

Clinical officer: Sista, muuzeni kuti moyo kaye, ana pambuyo. Akachedwa chotupacho chiphulika, ndiye adzalera ana ali kuti?

Mzamba: Achimwene, mawu amenewo ndi amene amatithawitsira odwala. Mukunena zoona, koma mtsikana woti kunyumba akumuwerengera miyezi samva zimenezo. Angovomera "chabwino adokotala", akatuluka pageti ulendo wa kwa sing'anga.

Dokotala wa khansa: Amayi azamba anena bwino. Poyamba tikonze nkhani ya apongoziyo, chifukwa theka lake ndi loona. Mankhwala ofiira ndi doxorubicin, amene amafiiritsa mkodzo tsiku limodzi kapena awiri, n'chifukwa chake anthu amawaopa. Koma owononga kwambiri mazira ndi anzake oyera ngati madzi aja, cyclophosphamide. Ndipo chimene chimavulala si chiberekero, ndi mazira a m'thumba losungira mazira. Mkazi amabadwa ndi mazira ake onse, sapanga ena, ndiye amene afa afa basi. Nkhani imakhala pa zaka. Wa zaka 29 ali nawo ambiri, ndipo atsikana a msinkhu umenewu ochuluka msambo umabwerera chemo ikatha, ena pakapita miyezi ingapo, ena chaka. Akanakhala wa zaka 40 ndikanalankhula zina. Musamulonjeze mwana, Sista, koma musamuuzenso kuti zatha.

Chimene tingachite pompano ndi goserelin 3.6 mg, wobaya pansi pa khungu la pamimba masiku 28 alionse mpaka chemo itatha. Amagoneka thumba la mazira kuti chemo ilipeze lisakugwira ntchito. Mu kafukufuku wa POEMS amene anatuluka mu 2015, amayi amene mazira awo anasiyiratu kugwira ntchito anali 8 pa 100 alionse mwa obayidwa goserelin, pamene mwa osabayidwa anali 22. Ndi thandizo ndithu, koma si chimodzimodzi ndi kusunga mazira mufiriji.

Namwino wa ku Johannesburg: Moni nonse kumudzi. Poti adokotala atchula za firiji, kuno ndimaziona pafupipafupi. Mayi amabayidwa mankhwala okhwimitsa mazira pafupifupi milungu iwiri, ndipo masiku ano sadikiranso kuti asambe kaye, amayamba tsiku lililonse. Wa khansa ya m'mawere amamuwonjezera mankhwala a letrozole kuti estrogen, homoni ya chikazi, isakwere kwambiri. Kenako amatulutsa mazirawo ndi singano, n'kuwaumitsa mufiriji okha kapena atawaphatikiza kale ndi umuna wa bambo. Ine ndimalangiza kuti ena aumitsidwe okha. Ndinaonapo banja litatha chemo ili m'kati, bambo n'kukana kusayina, mayi n'kutsala manja lende zinthu zili mufiriji momwemo. Palinso njira yodula kachidutswa ka thumba la mazira n'kukasunga kuti adzakabwezere m'thupi pambuyo pake, mwana woyamba wa njira imeneyi anabadwira ku Belgium mu 2004. Koma zonsezi ndi zipatala zolipira, ndipo kusungako mumalipira chaka ndi chaka.

Sista wa ku chemo: Achemwali, mwamuna wake ndi wa kabaza wa njinga yamoto, iyeyo amagulitsa zovala za kaunjika. Ngakhale pasipoti alibe.

Dokotala wa khansa: Mumuuzebe kuti njirayo iliko, asadzamve kwa ena pambuyo n'kumati tinamubisira. Mwina ali ndi mlongo wake ku Joni, sitingamuweruzire m'thumba. Koma ndi chotupa choti chafika kunkhwapa, sindingalole kuti tidikire pasipoti ndi kusonkha ndalama kwa miyezi.

Wa ku famase: Pa goserelin paja ndionjezepo. Mukamafunsa muzitchula 3.6, chifukwa palinso wa 10.8 wa miyezi itatu amene ambiri tinamuzolowera kwa abambo a khansa ya prostate. Safuna firiji, bola pamalo posapitirira madigiri 25, ndiye asamusiye pawindo kapena m'thumba la njinga dzuwa lonse. Ngati abale akukagula okha, awerengere mwezi uliwonse wa chemo kuyambira pachiyambi. Kubaya kawiri n'kusiya ndi kungotaya ndalama. Singano yake ndi yonenepa, Sista, mumuonetse kaye, ena amadzidzimuka.

Clinical officer: Ndagonja. Koma funso langa ndi ili: zotsatira za ER, zoonetsa ngati khansayi imakula ndi estrogen, zabwera? Ngati ili ER positive, goserelin ameneyu sasokoneza? Komanso tamoxifen, mapiritsi otchinga estrogen aja, ndi zaka zisanu kapena kupitirira, adzabereka liti?

Sista wa ku chemo: Zabwera dzulo. ER positive, HER2 (puloteni yofulumizitsa khansa) negative.

Dokotala wa khansa: Funso labwino. Kale tinkaopadi, poti POEMS inali ya amayi a ER negative okhaokha. Koma ataphatikiza zotsatira za kafukufuku angapo, kuphatikizapo wa ku Italy amene anali ndi amayi ambiri a ER positive, sanapeze kuti khansa imabwerera kwambiri chifukwa cha jakisoniyu. Ndipotu kwa mtsikana ngati uyu tikhoza kudzapitiriza goserelin limodzi ndi tamoxifen ngati mbali ya chithandizo.

Za zaka zisanuzo, onani kafukufuku wa POSITIVE wa 2023. Amayi a zaka 42 kutsika m'munsi amene anali atamwa mankhwala a mahomoni kwa miyezi 18 mpaka 30 analoledwa kupumira mpaka zaka ziwiri kuti atenge pakati, abereke, ayamwitse, kenako ayambirenso. Ankadikira miyezi itatu kuti mankhwala atuluke m'thupi. Patatha zaka zitatu, khansa inali itabwerera mwa 8.9 pa 100, pamene gulu loyerekezera, la amayi amene sanapumire, linali 9.2. Ambiri mwa iwo khansa yawo inali ya stage 1 kapena 2, ndiye za wodwala wathuyu tidzaona opaleshoni ikachitika. Chovuta chimene ndimachiopa ine ndi kuyambiranso kuja. Mayi akanyamula mwana kumsana, tamoxifen amaiwalika.

Mzamba: Nonse mwathamangira za mtsogolo. Mwamuyeza mimba? Munthu wofunitsitsa mwana, woti wamva kuti Lolemba ayamba mankhwala oumitsa, mukuganiza kuti masiku ano akuchita chiyani kunyumba? Muyezeni asanabayidwe chilichonse. Kenako kulera. Msambo ukasiya chifukwa cha chemo kapena goserelin amaganiza kuti sangatenge pakati, pamene zimatheka, ndipo chemo ya m'miyezi itatu yoyambirira ya mimba komanso tamoxifen zimapundula mwana. Depo ayi, mapiritsi ayi, kapamkono ayi, zonsezo ndi za mahomoni. Lupu ya kopa kapena makondomu. Mumutumize kwa ine ndimuike lupu chemo isanatsitse asilikali a m'thupi. Ndipo abwere ndi mwamuna wake. Apongoziwo asalowe kaye, koma ngati ankhoswe afuna kumva, tidzawaitana tsiku lina iye mwini akalola.

Sista wa ku chemo: Iii amayi, za kuyeza mimba kachiwiri ndinalibe nazo m'mutu, tinamuyeza milungu itatu yapitayo. Adokotala, goserelin akufunika sabata imodzi chemo isanayambe eti? Ndiye tichedwetsanso?

Dokotala wa khansa: Akabwera mawa, yezani mimba, muikeni lupu, mubayeni mawa lomwelo, chemo Lachisanu la sabata yamawa. Sabata imodzi ndingapirire, kupitirira apo ayi. Goserelin akapanda kupezeka pofika Lolemba, chemo iyambe basi, tidzabaya akapezeka. Mumuchenjeze za kutentha thupi usiku, kuuma kumaliseche, ndiponso kuti akhoza kutaya magazi pang'ono masiku oyambirira, asadzati mankhwala amulodza.

Sista wa ku chemo: Abale, abwera m'mawa uno awiri, bamboyo chipewa cha njinga chili m'manja. Mimba palibe. Lupu amayi azamba aika. Bamboyo anangofunsa funso limodzi, kuti "ndiye mukuti mwina, osati ayi?" Ndinati mwina. Jakisoni woyamba tamubaya, wa mwezi wamawa akuti agulitsa belo limodzi. A famase, mundisungire tsiku, jakisoni wachiwiri pakatha masiku 28.