Ndayambiranso kusambira, zikomo nonse

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za kubwerera kukasambira, poti ndinanenepa ndipo ndinkachita manyazi kuonekera pagulu. Ndinatsatira malangizo a mayi aja amene anati ndizipita m'mamawa anthu asanachuluke, nditavala kabudula ndi sikipa. Zinathandizadi. Ndinapezako anthu ochepa, ambiri achikulire ngati ine, aliyense ali pa zake.

Vuto lenileni linali mpweya. Ndinkabanika ndisanafike n'komwe pakati pa dziwe. Bambo wina anandiuza kuti ndisamaugwire, ndiziutulutsa pang'onopang'ono nkhope ili m'madzi, n'kukoka wina ndikatembenuza mutu. Pano ndikumafika tsidya lina osaima, ndipo mawondo sakundipweteka ngati mmene ankachitira ndikamathamanga.

Amene mukufuna kuyamba, gulirenitu magalasi osambirira. Mankhwala amene amathira m'madzimo amawawa m'maso.